Ndinkaphunzitsa Bolodi

Tsiku lina mu 2018 a PEA, alangizi a maphunziro a ku pulayimale, anabwera kudzaonerera phunziro langa la Chichewa mu Sitandade 1. Linali phunziro la maliwu. Amene anagwirapo choko m'kalasi ya ana aang'ono chiyambire ndondomeko yatsopano yophunzitsira kuwerenga mu 2016 akudziwa mmene zimayendera: mphunzitsi atchule liwu, ana ayang'ane pakamwa pake, kenako atchule nawonso. Mwana amagwira msanga kusiyana kwa f ndi p akaona kuti pa f mano akumwamba akhudza mlomo wam'munsi, pomwe pa p milomo yatsekana kaye n'kutseguka.

Ana atatuluka tinakakhala pansi pa mtengo wa mango, a PEA n'kutsegula kope lawo.

"Aphunzitsi, phunziro munakonza bwino, zipangizo zilipo. Koma ndifunse, ana anu ndi bolodi kodi? Mphindi 30 zonsezi mwaphunzitsa bolodi, ana aona nkhongo yokha."

Ndinaseka, dzanja lili pakamwa. Iwo anayang'ana dzanjalo, n'kubwezera maso m'kope, osawonjezera mawu. Anali munthu wamkulu, anazindikira.

Mano anga anali osanjikizana. Awiri osongoka akumwamba aja anaphukira pamwamba pa usinini, kunja kwa mzere, ngati akusuzumira anzawo. Am'munsi akutsogolo anali othinana ngati anthu a m'minibasi yomaliza ya madzulo, lina chammbali, lina kumbuyo kwa linzake. Ku pulayimale anyamata ananditcha Nguluwe, ndipo dzinalo linandiperekeza mpaka ku sekondale. Zithunzi zonse za ukwati wanga ndili chitsekere pakamwa, moti mlamu wanga wina anafunsa ngati anachita kundikakamiza banjalo.

Chomwe chinkandiwawa kwambiri n'choti mng'ono wanga ali ndi kanyindo. Mimba imodzi, bere limodzi, koma iye akaseka azimayi pamjigo ankati, "Koma mwana uyu Mulungu anamulenga atakhala pansi." Ine akandiona ankangoti, "Uyu ndi wanzeru kusukulu."

Chiyambi cha vutoli ndinachidziwa ndili ndi zaka 31. Bambo anga anali ndi okala kumudzi kwathu ku Mulanje, ndipo botolo la maswiti linali pamalo oti dzanja langa linkafikapo. Pofika zaka 6 mano anga aubwana a kumbuyo anali atabooka, akundigoneka ndi misozi. Anakandizulitsa, aliyense n'kumati palibe kanthu, aphuka ena. Palibe amene ankadziwa kuti dzino laubwana limasungira malo dzino lachikulire limene likukula pansi pake. Likachoka nthawi isanakwane, dzino lalikulu la kumbuyo, lomwe limaphuka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, limasendera kutsogolo n'kulanda malowo. Mano osongoka akumwamba amachedwa, amabwera mwana ali ndi zaka 11 kapena 12. Anga atafika anapeza pamphasa padzadza, n'kungotulukira pomwe anapeza njira. Nsagwada yaing'ono ndinatengera kwa amayi, mano akuluakulu kwa bambo. Zonsezo zinakumana m'kamwa mmodzi.

Anthu ena amaganiza kuti nkhani ya mano otere ndi ya maonekedwe basi. Ayi. Pamene mano asanjikizana mswachi sufikapo. Ndinkatsuka kawiri pa tsiku koma usinini unkatuluka magazi, ndipo pakati pa mano awiri am'munsi panayamba kuda. Fungo la m'kamwa ndinkalimva ndekha, ndiye ndikamalankhula ndi munthu ndinkayang'ana kumbali. Ena ankati ndine wodzikonda.

Mudzandikhululukira ndikanena kuti nthawi ya Covid-19, pomwe dziko linali pa chisoni, ine ndinapezapo kampumulo. Sukulu anatseka mu Marichi 2020, ndipo titabwerera aliyense anali ndi masiki kumaso. Kwa nthawi yoyamba pakamwa panga panafanana ndi pa wina aliyense. Ndinayamba kuyankha pamisonkhano ya aphunzitsi. Kukwaya ndinavomera kutsogolera nyimbo, chinthu chimene ndinakhala ndikukana kwa zaka. Anzanga ankadabwa kuti kani mayiyu ali ndi nthabwala. Tsono anthu atayamba kuvula masiki, ine mtima unayamba kugunda. Ndinali nditalawa ufulu, ndipo kubwerera kuseri kwa dzanja kunandikanika.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa, ndipo sindibisa. Mu Disembala 2021 ndinaona pa WhatsApp zithunzi za atsikana ovala mawaya a m'mano, aja amati ma braces, okhala ndi timphira tamitundumitundu. Pansi pake panali nambala. Mtengo wake sunkafika ndi theka la malipiro anga a pamwezi, ndipo mwini wake anandilonjeza kuti pakatha miyezi 3 mano akhala ali pamzere. Kunyumba ndinanena kuti ndikukagula zovala za Khirisimasi za ana. Ndinatsikira ku Limbe, n'kulondoleredwa kukachipinda kena kuseri kwa saluni. Mnyamata amene ndinamupezamo sanandijambule X-ray, sanayang'ane usinini, sanandifunse ngati ndili ndi matenda ena alionse. Anamata tizitsulo pamano, n'kukoka waya mwamphamvu mpaka misozi inalengeza. Anati kupwetekako ndiye umboni woti zikugwira ntchito. Ine, mphunzitsi wathunthu wokhala ndi satifiketi, ndinamuthokoza n'kumupatsa ndalama.

Khirisimasi imeneyo ndinadyera phala. Patatha masabata atatu usinini unatupa, m'mawa pilo ankakhala ndi magazi, ndipo dzino la pambali pa akutsogolo akumwamba linayamba kugwedera n'kusintha mtundu, kuchita ngati phulusa. Nditaimba nambala ija, inali yozimitsa. Mpaka lero.

Abambo akunyumba ndi amene ananditengera kuchipatala. Njira yonse sanalankhule, koma titakhala pabenchi anati, "Mayi, kodi ine ndinayamba ndadandaulapo za mano anuwa?" Ndinati ayi. "Nanga bwanji simunandiuze kuti inuyo ndi amene mukudandaula?" Funso limenelo ndinalibe nalo yankho.

Wothandiza za mano amene tinamupeza anadula wayayo, n'kupala guluu yemwe anali atauma mpaka pausinini. Sanandikalipire. Anangoti si ine woyamba, ndipo anatilangiza kuti tikaonane ndi dokotala wodziwa zowongola mano ku Blantyre. Madokotala oterewa ndi ochepa kwambiri kuno kwathu. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba m'dziko muno mu 2019, ku College of Medicine yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Kale lonselo wofuna udokotala umenewu ankakaphunzira kunja, ndipo kuwongola mano ndi maphunziro ena apamwamba owonjezera pamenepo. Mpata umenewu ndi womwe anyamata a kuseri kwa saluni amalowerapo.

Adokotala a ku Blantyre anatenga ola lathunthu asanagwire chitsulo chilichonse. Anandijambula X-ray ya nsagwada yonse, anajambula nkhope kutsogolo ndi chammbali, anandilumitsa chinthu chonga phala lolimba kuti adinde mano anga. Kenako anandionetsa mmene mano akuluakulu a kumbuyo, akumwamba ndi am'munsi, amakumanirana, n'kunena kuti poyambira ndi pamenepo, potsata njira yogawira mavuto a kalumidwe m'magulu atatu imene dokotala wa ku America, Edward Angle, anaikhazikitsa mu 1899. Atatero anandiuza mawu amene sindinkafuna kumva.

"Aphunzitsi, lero sindikuikani waya. Dzino ili lafa, mtsempha wake unaphwanyidwa ndi kukoka kuja. Tiliyeretse kaye mkati n'kulitseka kuti lisazulidwe. Usinini upole, mabowo awa titseke. Nyumba sitimanga pamatope."

Zimenezi zinatenga miyezi itatu. Pa nthawiyo anandifotokozera chinthu chimene mpaka lero ndimachiuza aliyense wofuna kumva. Dzino silinakhomedwe m'fupa ngati msomali m'thabwa. Lili m'kadzenje kake, ndipo pakati pa muzu ndi fupa pali timinyewa tating'onoting'ono tolimangirira. Ukalikankha pang'onopang'ono mosalekeza, thupi lenilenilo limasungunula fupa kumbali imene dzino likupita, n'kumanga fupa latsopano kumbali imene lachoka. Choncho waya sakoka dzino ngati mmene ng'ombe imakokera ngolo. Amangolozera njira, ntchito n'kugwira thupi, ndipo liwiro lake ndi pafupifupi milimita imodzi pamwezi. Ukawonjeza mphamvu kuti zifulumire, magazi amasiya kufika, muzu umatha kufupika, mtsempha n'kufa. N'zimene zinandichitikira ine.

Chinatsala chinali malo. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32 onse akaphuka, ndipo nsagwada yanga inalibe powaika onse. Adokotala anati azule anayi, aja ali kuseri kwa osongoka, awiri kumwamba ndi awiri m'munsi. Si onse amene amafunika kuzulidwa, ena malo amapezeka mwa njira zina, koma kwa ine panalibe kuchitira mwina.

Amayi atamva anaika manja kumutu. "Mano abwinobwino, osabooka, akazule anayi? Ndiye iwe uwalipire? Nanga akazula akupita nawo kuti?" Funso lomalizali ndiye linali lenileni. Anandilamula kuti ndibwere nawo manowo, asatsale m'manja mwa munthu wachilendo. Ndinachita manyazi kupempha, koma adokotala sanadabwe n'komwe. Anawatsuka n'kundiikira m'kapepala ka mankhwala. Amayi anawawerenga, anayi, n'kukawakwirira okha kumene akudziwa iwo.

Mawaya enieni anandiika mu Epulo 2022. Waya woyamba anali wowonda ngati ulusi, moti ndinakayika ngati angasunthe kanthu. Adokotala anaupinda ndi zala ndikuona, atausiya unabwerera mwakale. Anati ndi wa chitsulo chosakaniza nickel ndi titanium, chimene akatswiri a asilikali apamadzi a ku America anachitulukira cha m'ma 1960, ndipo khalidwe lake n'loti chimalimbikira kubwerera mmene anachiumbira. Akachimangirira pamano okhota, pofuna kuwongoka chimatenga manowo pang'onopang'ono.

Kupweteka kunalipo, ndisaname. Masiku atatu kapena anayi oyambirira akangosintha waya, ngakhale nsima yofewa inkakhala ngati mwala. Koma kunali kupweteka kwina, kophwanya ngati kwa minofu ukalima tsiku lonse, kosiyana ndi moto uja wa ku Limbe. Tizitsulo tinkakhula m'masaya mpaka zilonda, ndipo ananditsina ndi nanazi wa kwathu yemwe ndimamukonda kuposa chipatso chilichonse. Anandipatsa phula lomata patizitsulo topweteka, ndi malangizo oti ndizichukucha madzi ofunda a mchere.

Za zakudya ndiye musanene. Chimanga chootcha, nzimbe, mtedza wokazinga, chinangwa chachiwisi, mang'ina, zonsezi ndinatsanzikana nazo. Nyengo ya mondokwa ndinkachita kutong'ola chimanga chophika n'kumadya ndi supuni ngati mwana, ana anga akuseka. Mango ndinkachita kusenda ndi mpeni, apo ayi ulusi wake unkakola m'mawaya mpaka madzulo. Anandisunga ndi mapeyala, nthochi, mbatata yophika, therere ndi phala la mgaiwa. Tsiku lina ndinatengeka pamaliro, n'kuluma fupa la nkhuku, kachitsulo kamodzi n'kumatuka. Ulendo wa ku Blantyre wosakonzekera, ndalama ya thiransipoti yochita kukongola, chifukwa cha fupa limodzi. Amayi anangoti walira mvula walira matope.

Kutsuka kunasanduka ntchito. Ndikangodya chilichonse, mswachi, kenako kamswachi kena kakang'ono kolowa pansi pa waya, dzino lililonse palokha. Nkhwani ndi bonongwe zimakonda kubisala m'menemo. Kusukulu ndinkapita kuseri kwa ofesi ndi kabotolo ka madzi, ana akusuzumira pakona. Adokotala anandichenjeza kuti amene satsuka bwino, tsiku lochotsa mawaya amapeza mano owongoka koma a mawangamawanga oyera, pomwe dzino linayamba kudyeka mozungulira kachitsulo, ndipo mawangawo sachoka msanga. Mawu amenewo ankandidzutsa ngakhale nditagona kale.

Ndalama ndiye inali phiri lina. Ndinalowa chipereganyu ndi aphunzitsi anzanga, abambo akunyumba anagulitsa mbuzi zitatu, ndipo tinagwirizana ndi adokotala kuti tizilipira pang'onopang'ono. Patangotha mwezi chindiikireni mawaya, mu Meyi 2022, kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Waya, tizitsulo, guluu, timphira, zonse zimachokera kunja, ndiye mukudziwa kale chimene chinachitika. Malata amene tinkafuna kufolerera khitchini anadikira zaka ziwiri. Azimayi ena kumpingo ankanong'onezana kuti mayi wa ana atatu akufuna kuoneka ngati mtsikana wa ku koleji. Zinkandipweteka, koma ndinaona kuti onena zimenezo onse anali ndi mano apamzere. Amene ankandikokera pambali n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, zimenezi amapangira kuti?" anali ena, ndipo ambiri ankafunsira ana awo.

Mu Marichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Za masiku amenewo sindingathe kulemba zambiri pano. Kwathu ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre anthu mazanamazana anapita, misewu ndi milatho zinakokoloka, sukulu zambiri zinasanduka misasa. Ndinkathandiza kuphika phala la ana amene makolo awo sankadziwika kumene ali. M'kati mwa zimenezo nsonga ya waya inatulukira kumbuyo n'kuyamba kundibaya tsaya. Ndinachita manyazi ngakhale kutchula, poona zimene anzanga ankadutsamo. Netiweki itabwerera ndinaimbira adokotala, iwo n'kutiuza kuti tiwiritse chowengera zikhadabo, tidule nsongayo mosamala. Abambo akunyumba ndi amene anadula, mwana wathu wamkulu atagwira tochi ya foni. Ndinaphonya maulendo awiri, ndipo zinawonjezera miyezi pa nthawi imene tinkayembekezera.

Chaka chachiwiri chinali chotopetsa kuposa choyamba. Mano anali ataoneka kale owongoka, koma mipata ya ozulidwa aja inkatsekeka mwaulesi, ndipo ndinkavala timphira tokoka kuchokera kumwamba kupita m'munsi, usana ndi usiku, kuchotsa pakudya pokha. Kangapo konse ndinapempha kuti angochotsa, zakwana. Adokotala ankandionetsa X-ray n'kunena kuti mitu ya mano yafika koma mizu idakali m'njira.

Agogo anga aakazi, amene maso awo ayamba kuchita khungu koma nkhani sawaphonya, anandituma uthenga: "Ukawauze adokotalawo kuti poti akukonza kale, akusiyireko kanyindo ngati ka mng'ono wako." Ndinakanenadi. Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati sabata yomweyo kunabwera mtsikana wofuna kutseketsa kanyindo kake, poti anzake a pa intaneti amamuseka. Iwo anamuuza kuti kanyindo kobadwa nako, usinini uli bwino, si matenda, ndipo kutseka kapena kusiya ndi kufuna kwa mwini. Kena kamabwera chifukwa mano ndi aang'ono pansagwada yaikulu, kena chifukwa cha kamnofu kochokera kumlomo wakumwamba kamene kamatsikira pakati pa mano. Ana ambiri a zaka 7 mpaka 9 amakhala ndi mpata kutsogolo umene umatsekeka wokha mano osongoka akaphuka. Umene uyenera kukuthamangitsira kuchipatala ndi mpata woyamba ukulu, pamano amene kale anali ogundana, chifukwa kawirikawiri umasonyeza kuti matenda a usinini akudya fupa. Mng'ono wanga kanyindo kake akadali nako, ndipo ndikamuona akuseka sindimvanso kanthu mumtima.

Anachotsa mawaya mu Juni 2024, patatha miyezi 26. Lilime linkangoterera pamano ngati pambale yotsuka kumene. Atandipatsa galasi ndinayang'ana nthawi yaitali, ndipo chimene ndinaona poyamba ndi dzino lakufa lija, lomwe ndi loderako pang'ono kuposa anzake. Lili pamzere, ndi lolimba, koma mtundu wake sunabwerere. Adokotala anati lingathe kuyeretsedwa kapena kuvekedwa. Pakadali pano ndalisiya. Ndikamauza atsikana za kuseri kwa saluni, ndimangoliloza.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma anandipatsa retainer, kachipangizo kapulasitiki koonekera mkati kovala pamano. Anati timinyewa tija timakumbukira pomwe dzino linali, ndipo timalikokera komweko, makamaka chaka choyamba. Miyezi yoyambirira ndinkavala nthawi zonse, kenako usiku wokha. Nditafunsa kuti mpaka liti, anati, "Mpaka tsiku limene mudzafune kuti akhotenso." Ndinayesa nthabwala. Kumapeto kwa chaka chomwecho tinali ndi maliro a amalume kumudzi, ndinaiwala retainer kunyumba, ndipo nditabwerako ulesi unandigwira. Patatha masabata atatu ndinaivala, n'kupeza ikukana kulowa bwino, dzino limodzi lam'munsi litayamba kupotoka. Mwayi wake linali lisanapite patali, ndipo adokotala anandiuza kuti ndiivalenso usana ndi usiku kwa kanthawi mpaka linabwerera. Chiyambire pamenepo imagona m'kamwa mwanga, ndipo ndikamapita kulikonse imalowa m'chikwama foni isanalowe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa mwamuna wofunsa funso loyenera pabenchi ya chipatala, ndi aphunzitsi anzanga amene kawiri konse anandilola kulandira chipereganyu isanafike nthawi yanga. Ndidakali mu Sitandade 1. Dzanja lija limakwerabe lokha nthawi zina ndikaseka modzidzimuka, zaka zoposa 20 si masewera. Koma phunziro la maliwu ndimaphunzitsa nditayang'ana ana. Sabata yoyamba nditachotsa mawaya, ndikutchula f, kamnyamata kena kakutsogolo kanakweza dzanja.

"Madamu, zitsulo zanu zija mwagulitsa?"

Mwana wathu wachiwiri ali ndi zaka 8, ndipo nsagwada anatengera ine. Dzino lake laubwana la kumbuyo litabooka chaka chatha, apongozi anati tikangozulitsa, aphuka ena. Ndinakana. Tinakalitseketsa, ndipo lilipo, likusungira malo mnzake. Bungwe la madokotala owongola mano la ku America limalangiza kuti mwana aonedwe pofika zaka 7, chifukwa pa msinkhu umenewo zambiri zimakonzeka mosavuta, nsagwada ikadakula.

Inu makolo anzanga, mwana akamaseka atagwira pakamwa, mufunseni chifukwa chake, mukamuonetse kuchipatala mano aubwana asanathe. Ndipo aliyense wofuna kukuikani waya m'kamwa, ayambe wakuonetsani chikalata chake cha ku Medical Council of Malawi, akujambuleni X-ray, ayang'ane usinini. Akakana chimodzi mwa zimenezi, nyamulani chikwama chanu muzipita.